Mwana wa Nthaka mu Mphika wa Herlinda

Kwathu kuno kumapiri a Veracruz, mtsikana asanadziwe kuphika nyemba amakhala atadziwa kale kuopa tlaconete. Ndi kanyama kotalika ngati chala, kooneka ngati buluzi, koma khungu lake ndi lonyowa ngati la chule. Kamakhala m'zikuni zowola ndi m'tsinde mwa nthochi. Amayi athu amati mkazi akagona mosasamala kamamulowa m'thupi n'kukakhazikika m'mimba, mimbayo n'kuyamba kukula. Dzina lakelo, m'chinenero cha makolo, limatanthauza mwana wa nthaka. Amuna amaiseka nkhaniyi akakhala pa mowa, koma ine sindinaonepo ndi mmodzi yemwe akukatola ndi dzanja.

Herlinda anakumana nako kutatsala milungu iwiri kuti makolo a Eleazar abwere ndi dengu la makandulo, buledi ndi mowa kudzamufunsira mbeta. Tsiku limeneli analidikira zaka ziwiri. Amayi a mnyamatayo, Doña Teófila, anali atakana kawiri konse, chifukwa mtima wawo unali pa Yadira, mwana wawo wa ubatizo. Anavomera pa Khirisimasi, koma kuvomera kwake kunali kwa munthu amene akumeza mankhwala owawa. Herlinda ankadziwa kuti akangophonya pamodzi pokha, dengulo lidzabwerera panjira.

M'mawa wa tsikulo kunali chisanu cha Januwale, chija chimayeretsa udzu n'kuumitsa zala. Herlinda ankawaza nkhuni kuseri kwa chisakasa chosungiramo khofi. Atatema chikuni china chowola, chinang'ambika pakati, ndipo m'katimo munali kanthu kakuda kopindika. Nsonga ya mchira wake inatsalira pa chikwanje.

Chikwanje chinagwa chokha. Herlinda anabwerera chafutambuyo, manja onse awiri atapana siketi m'maondo, monga amachitira mkazi aliyense wa kuno.

"Herlinda!" anaitana amayi ake, Doña Gudelia, ali kukhitchini. "Nkhunizo wapita kukadzala mtengo wake?"

"Ndikubwera, amayi!"

Chochita nako n'chodziwika: umakaphwanya ndi mwala, n'kuthirapo mchere. Herlinda anatola mwala n'kuukweza. Kanyamako sikanathawe. Chisanu chinali chitakaumitsa, moti kanangotukula mutu pang'ono, timaso takuda tili tong'o, pakhosi pakugunda mofooka. Timanja take tinali ndi tizala ngati ta khanda. Herlinda anatsitsa mwala uja n'kuuika pansi.

"Ndakudula ndine," ananong'ona. "Iwe unali m'nyumba mwako."

Anakakankhira ndi kamtengo pa tsamba la nthochi, n'kukakabisa m'chisakasa kuseri kwa matumba. Tsiku lonse ankangosamba m'manja, chonsecho sanakakhudze n'komwe.

* * *

Eleazar anafika chakumadzulo pa galimoto yake yonyamulira khofi. Anali mnyamata wamtali, wosachedwa kuseka, amene anaphunzirako zaulimi ku Xalapa n'kubwerako akunena kuti m'tchire monse mulibe choopsa kuposa amayi ake. Herlinda anamukokera m'chisakasa, ndipo mnyamatayo anamwetulira poganiza kuti mwayi wamugwera.

"Chotsa nkhope imeneyo," anatero Herlinda. "Taona apa."

Eleazar anagwada n'kuvundukula tsamba lija. "Aa, Linda! Kukongola kwakeko! Wakapeza kuti?"

"Usakagwire!"

"Ine kandilowera pati?"

"Usaseke, Eleazar, ine mtima uli m'mwamba. Ndimafuna ndikaike pafupi ndi moto kuti kafundidwe, koma amayi sakuchoka kukhitchini."

"Ndiye akapulumutsa ndi amayiwo. Aka kamapuma ndi khungu, kakangouma kafa. Peza mphika wadothi, uikemo ndere ndi masamba ovunda, uziwaza madzi a mvula, osati a pampopi. Pamwamba umange kansalu. Uzikaika pozizira bwino, koma pasafike chisanu. Kakayamba kuyenda, uzikapatsa tinyongolotsi ndi chiswe. Mchira ukapola, kunja kukafunda, tidzakabwezera kunkhalango."

"Nanga zija amanenazi?"

"Zabodza. Ndawerenga, ndafunsa aphunzitsi, palibe mkazi analowedwapo."

"Ndiye mimba ya amayi ako aang'ono inachokera kuti?"

Apo Eleazar kuseka kunamuthera. Crispina, mng'ono wa Doña Teófila, anatenga pakati ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo atamupanikiza anati anagona masana pansi pa nthochi. Anamwalira pochira, iye pamodzi ndi mwana. Mudzi wonse unaona kuti wogula khofi wina wa chipewa choyera anasiya kubwera chaka chomwecho, koma pamaso pa Doña Teófila palibe amazitchula. Mayiwo anasankha kudana ndi kanyama kusiyana n'kuvomera kuti mng'ono wawo anawabisira zoona mpaka kumanda.

"Amayi asamve," anatero Eleazar motsitsa mawu. "Zikangowafika m'khutu, dengu lija aliponya mumtsinje."

"Ndiye ndikataye?"

"Ukakataya m'chisanu muno ndi bala limeneli, sikaona mawa. Ungathe?"

Herlinda anayang'ana tizala tija n'kupukusa mutu.

"Basi, tilera," anatero Eleazar, kumwetulira kukubwerera. "Paja dzina lake ndi mwana wa nthaka. Ameneyu ndiye mwana wathu woyamba, tiphunzirire pomwepa."

Herlinda anamumenya paphewa n'kuseka. Nthabwala imeneyo inali yokoma pakamwa, ndipo onse awiri anaizolowera msanga.

* * *

Kulera chinthu chimene ukuchiopa ndi ntchito yowondetsa. M'mawa uliwonse Herlinda ankatunga madzi a mvula mumgolo, n'kulowa m'chisakasa atavala buluku la bambo ake pansi pa siketi, atalimanga ndi zingwe m'miyendo. Ankamasula kansalu atatembenuzira nkhope kumbali, n'kuwaza ndere ndi nsonga za zala. Masiku atatu oyamba kanyamako kanangokhala duu. Tsiku lachinayi anapeza kanyongolotsi katasowa, ndipo anadabwa kuona kuti wasangalala.

Anatenga foni n'kulembera Eleazar: "Mwana wathu wadya lero."

Yankho silinachedwe: "Watengera bambo ake. Umusamale."

Pofika mlungu wachiwiri bala linali litapola, ndipo kanyamako kankakwera m'mbali mwa mphika. Herlinda analembanso: "Mwana wathu wayamba kutakataka. Ndikuopa kuti amayi azindikira, akuti bwanji sindikudya." Kusadyako kunali koona. Mutu wake unkamvera Eleazar ndi mabuku ake, koma thupi linkamvera amayi ake, ndipo m'mimba mukangolira pang'ono thukuta linkamutuluka.

Lachinayi anakumana ndi Yadira kuchigayo, aliyense ali ndi ndowa yake ya chimanga chonyika. Yadira anali wokongola, zimenezo sitingamulande, koma anali ndi diso lija limawerenga nthiti za nkhuku ili ndi nthenga.

"Akwati athu!" anatero mokweza kuti amayi onse pamzere amve. "Koma ndiye mwatuwatu. Ena akamayandikira ukwati amanenepa, inu mukuchita kupepuka."

"Ndi chisanu, Yadira."

"Chisanu chake chomayambira m'mawa mokhamokha? Ndimakuona ndikamadutsa, tsiku lililonse ukuthamangira kuchisakasa, potuluka uli ngati waona mzukwa. Mumakhala chiyani m'menemo?"

"Khofi."

"Khofi wake ndiye wowawa." Yadira anaseka n'kusendeza ndowa yake ndi phazi. "Madrina, amayi anga a ubatizo, andituma ndikagule makandulo a dengu lako la Lamlungu. Ndawauza kuti tigule aafupi, mwina sadzayaka nthawi yaitali."

Herlinda anagayitsa chimanga chake n'kuchoka. Anaganiza zokataya kanyamako madzulo omwewo, koma atafika pakhomo anapeza mvula yamawawa yayambanso, mphepo ikuluma, ndipo anangowaza ndere n'kutuluka. Akuluakulu sananame, kamba amanyera amene wamtola.

* * *

Lachisanu m'mawa anakadyetsa mofulumira, amayi ake akumukuwira kuti anzake othyola khofi apita kale. Anamanga kansalu ndi dzanja limodzi n'kuthamanga. Masana mvula inawabweza kumunda. Herlinda anathawira m'chisakasa atanyowa, navula buluku lija n'kulikoleka pa msomali kuti lidonthe, n'kukhala pa matumba kudikira kuti mvula ikate. Anali asanagone bwino kwa milungu iwiri, ndipo tulo tinamuba osadziwa.

Anadzidzimuka ndi kulira kwa foni. Anali Eleazar, mawu ake akumveka pamodzi ndi phokoso la galimoto.

"Linda, uli kuti? Zavuta."

"Chachitika n'chiyani?"

"M'mawa ndinasiya foni pa tebulo ndikukweza matumba. Yadira anali kwathu. Wawerenga mauthenga onse, wawajambula, wawaonetsa amayi."

Herlinda anaimirira. "Mauthenga ati?"

"A mwana wathu, Linda. Akuti ndiwe woyembekezera. Akuti wandikola ndi mimba, mwinanso si yanga. Andiimbira pompano akulira, akuti akubwera kwanu."

"Sunawafotokozere?"

"Ndikanati chiyani? Ndinayamba kunena kuti ndi nthabwala, iwo n'kudula foni. Tamvera, palibe njira ina. Uwaonetse mphikawo."

"Wapenga? Amayi ako omwewa? Unanena wekha kuti asamve!"

"Akalipa, inde, koma adziwa kuti mimba palibe. Zinazo tidzakonza. Kapena uwachedwetse, ndangonyamuka ku Xalapa, msewu ukuterera, koma pakatha maola awiri ndifika."

"Eleazar, ndikuopa."

"Ndikudziwa. Inenso ndikuopa. Usalire, ndikubwera."

Herlinda anasuzumira pa mng'alu wa matabwa. Pamsewu wotsika kuchokera kutchalitchi pankabwera maambulera awiri, lakuda ndi lofiira. Maola awiriwo sakanawapeza. Anatuluka chothamanga osacheukira kuseri kwa matumba.

* * *

Doña Gudelia analandira alendowo ndi ulemu wonse, nawapatsa mipando yabwino, n'kuteleka khofi. Sankadziwa kanthu, ndipo ankaganiza kuti abwera kudzakambirana za chakudya cha Lamlungu. Doña Teófila anakhala mowongoka, shawelo yakuda itakutira mapewa. Kapu ya khofi sanaikhudze, ndipo kwathu kuno mlendo akakana khofi ndiye kuti wabwera ndi nkhondo.

"Doña Gudelia, sindinabwere kudzacheza," anatero. "Ndabwera kudzafunsa ngati mukudziwa chimene mwana wanu wasenza."

"Wasenza chiyani?"

"Yadira, tawerenga."

Yadira anatulutsa foni n'kuwerenga pang'onopang'ono, ngati munthu amene akutafuna chakudya chokoma. "Mwana wathu wayamba kutakataka. Ndikuopa kuti amayi azindikira, akuti bwanji sindikudya."

Doña Gudelia anagwira tebulo. Anatembenukira mwana wawo, nkhope itasanduka phulusa. "Herlinda, mawu amenewa ndi ako?"

"Ndi anga, amayi, koma si mmene mukumvera."

"Mawu akumveka okha," anatero Doña Teófila. "Mwana wotakataka ndi wa miyezi isanu. Miyezi isanu yapitayo mwana wanga anali ku Puebla kwa malume ake, anakhalako mpaka kumayambiriro kwa Novembala. Ndimadziwa kuwerenga, mtsikana iwe. Ndi wa ndani?"

"Doña Teófila, ndikulumbira pamaso pa Mulungu, sindinagonepo ndi mwamuna aliyense, ngakhale Eleazar yemweyo."

"Onse amatero," anatero Yadira. "Posachedwa timva zoti anagona pansi pa nthochi."

Yadira anazindikira kuti waponda pa manda, ndipo anaweramitsa mutu. Doña Teófila sanamuyang'ane n'komwe.

Herlinda anaona kuti njira zonse ziwiri zili ndi minga. Akakhala chete, ndiye kuti wavomera mimba ya munthu wina, ndipo Eleazar wamutaya. Akaulula, aulula chinthu chimene mayiwa amadana nacho kuposa tchimo. Koma kanyama kamaoneka ndi maso, ndipo anaganiza kuti akakaona kali mumphika, ndi mchira wake woduka, mwina mkwiyo wawo udzakhala wa tsiku limodzi.

"Mwanayo alipo," anatero Herlinda. "Koma sali m'mimba mwanga. Tiyeni mukamuone."

Anawatsogolera pabwalo, mvula ikuwaza. Doña Gudelia ankabwera m'mbuyo akupemphera chapansipansi. M'chisakasa munali kamdima ndi fungo la khofi wonyowa. Buluku lija linali likudonthabe pa msomali, ndipo pa matumba pankaoneka bwino pamene munthu anagona.

"Milungu iwiri yapitayo ndinavulaza kanyama ndi chikwanje," anatero Herlinda atagwada kuseri kwa matumba. "Kanali katauma ndi chisanu. Ndinalephera kukapha. Eleazar anandiphunzitsa kasamalidwe kake, ndipo tinkangoseka kuti ndi mwana wathu chifukwa cha dzina lake."

"Dzina lake?" anafunsa Doña Teófila.

"Mwana wa nthaka."

Doña Gudelia anakuwa n'kupana siketi m'maondo. Yadira analumphira pakhomo. Doña Teófila okha ndiwo sanasunthe. Anadzilemba chizindikiro cha mtanda pang'onopang'ono, maso ali pa mphika.

"Wasunga tlaconete," anatero. "Pakhomo pa amayi ako. Milungu iwiri. Ukudziwa chimene kanachita kwa Crispina wanga?"

"Sikaluma, Doña Teófila, sikachita kanthu. N'kakang'ono, taonani nokha. Mawa lomwe ndikakataya kunkhalango, ndikulonjeza."

"Tsegula."

Herlinda anakokera mphika poyera. Apo m'pamene anaona kuti chingwe chinali chitakhwepa, ndipo ngodya imodzi ya kansalu inali itagwera m'kati, n'kusiya mpata wokwana chala. Anachotsa nsaluyo n'kusuzumira. Munali ndere, masamba ovunda, ndi kanyongolotsi kamodzi kakudzipinda.

Anapisa dzanja, iye amene sanakakhudzepo chiyambire, n'kuvundula ndere. Anakhuthulira zonse pansi n'kumwaza ndi zala, tsamba lililonse akulitembenuza. Anasendeza matumba, nayang'ana m'ming'alu ya matabwa, nakwawa ndi maondo mpaka pangodya.

"Kanalimo m'mawa," anatero akulira. "Ndakadyetsa ndekha. Kanalimo!"

"Ine sindinalowemo muno, Madrina, ndikulumbira," anatero Yadira ali pakhomo, ndipo kwa nthawi yoyamba mawu ake analibe chipongwe.

Doña Teófila anayang'ana mphika wopanda kanthu. Anayang'ana buluku lopachikidwa pa msomali, kenako matumba aja obonyoka, amene anali pafupi ndi mphika kosakwana mkono umodzi.

"Wagona apa ndani?"

Herlinda anatsegula pakamwa, koma bodza linakana kubwera.

"Ndine. Mvula inandibweza kumunda. Ndinangotsinzina pang'ono."

"Masana," anatero Doña Teófila, ndipo mawu awo anasweka. "Nayenso anati masana."

Herlinda ankayembekezera kutukwanidwa, ndipo kukanakhala bwino akanamutukwana. M'malo mwake mayiwo anamuyang'ana ndi chisoni, misozi ikutsika, monga timayang'anira munthu amene adokotala amubweza kuti akadikire kunyumba. Anavula shawelo yawo n'kumufunditsa mapewa.

"Ndinabwera ndikuganiza kuti ndiwe wabodza," anatero. "Bola ukanakhala wabodza, mwana iwe. Doña Gudelia, itanani mzamba, musachedwe. Koma Lamlungu musatiphikire. Ndinaika kale m'manda mtsikana mmodzi wa matenda amenewa, ndipo sindilola kuti mwana wanga akhale wamasiye asanathe chaka. Makandulo aja ndikayatsa kutchalitchi, ndimupempherere."

Anatuluka m'mvula opanda ambulera, Yadira akuwathamangira m'mbuyo.

Herlinda anatsala chogwada pakati pa ndere. Foni inalira m'thumba mwake, uthenga wa Eleazar: "Ndatsala pang'ono. Wawaonetsa? Mwana wathu ali kuti?"

Anatukula maso kuti amayi ake amuuze kuti zonsezi n'zopusa, kuti kanyama kangothawira m'matabwa. Koma Doña Gudelia anali ataima patali naye, dzanja lili pakamwa, ndipo sankamuyang'ana kumaso. Ankamuyang'ana pamimba. Herlinda anatsitsa maso kuti aone chimene amayi ake akuona, n'kupeza kuti manja ake omwe anali atagwira kale pamenepo.